Kalata yotseguka: Chongoni, Khulubvi ndi malo ena a makolo athu asamalidwe mvula isanagwe

Kwa Olemekezeka a Nduna oona za chikhalidwe,
Olemekezeka a Nduna oona za nkhalango ndi kusintha kwa nyengo,
Akuluakulu a nthambi yosamala zakale ya Museums and Monuments ndi a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA,
Mabwanamkubwa a maboma a Dedza, Nsanje, Phalombe ndi Mulanje,
A Gogo Chalo, ma Inkosi ndi mafumu onse osunga malo a makolo.

Landirani moni ndi ulemu wathu. Tikudziwa kuti muli ndi zambiri m'manja: chimanga, feteleza, milatho yokokoloka ndi mabanja omwe adakali osowa pokhala. Moyo wa munthu ndiwo uyenera kutsogola, ndipo pamenepo sitikutsutsa. Ife tabwera ndi nkhani yomwe imatsalira m'mbuyo ngozi iliyonse ikadutsa. Mapanga a zojambula za makolo, akachisi, matchalitchi akale ndi mabuku a mbiri akuonongeka ndi mvula yamkuntho, moto wolusa ndi chilala. Chomwe chikutiwawa n'chakuti ntchito yambiri yowapulumutsa ndi ya khasu, chikwanje, kamera ndi kope. Imangofuna kugwiridwa m'mwezi wake, chaka ndi chaka, ndi munthu wodziwika yemwe wapatsidwa udindo ndi kandalama kochepa.

Nyengo yasintha tonse tikuona. Namondwe Idai anabwera mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu Malichi 2023. Pa nthawi ya Freddy, dera la Nkhulambe ku Phalombe linalandira mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, kuposa yomwe Lilongwe imalandira chaka chathunthu. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba ya El Niño ndipo boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Kusinthana kotereku ndiko koopsa kwa malo akale. Chilala chimathamangitsira anthu kunkhalango kukaotcha makala, tchire limauma n'kupsa, kenako mvula yoopsa imapeza nthaka ili pambalambanda.

Tiyambe ndi Chongoni, pakuti ndiko kuli chuma chosabwezeka kuposa china chilichonse.

Dera la Chongoni ku Dedza lili ndi malo 127 a zojambula pamiyala, m'dera lalikulu masikweya kilomita 126, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zojambulazo zili za mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kwa aliyense wofuna kuzisamala. Zofiira, za mizere, madontho ndi zozungulira, anajambula ndi Akafula. Utoto wake ndi wopyapyala ndipo unalowerera m'mwala, n'chifukwa chake zapirira zaka zambiri. Zoyera anajambula ndi Achewa, zina zokhudza chinamwali, zina zilombo za nyau monga kasiyamaliro, ndipo zina mwa izo ndi za m'zaka za m'ma 1900 zomwezi. Zoyerazi ndi dothi lopakidwa ndi chala, lokhuthala, longokhala pamwamba pa mwala. Madzi akayenderera pamenepo mvula ziwiri kapena zitatu, dothilo limafewa, limasungunuka, ndipo potsala pamangokhala mzere wotuwa wotsika pansi.

Madziwo amafika bwanji pomwe sanafikepo kwa zaka mazana? Pamwamba pa phanga lililonse pamakhala kadothi, udzu ndi mitengo monga mombo, tsamba ndi msuku, zomwe zimamwa mvula n'kuichepetsa liwiro. Mitengoyo ikadulidwa, madzi amathamanga pathanthwe onse nthawi imodzi. Akafika pamlomo wa phanga, m'malo modontha pansi monga kale, amakhota n'kuyenda chokwawa kunsi kwa denga mpaka pakhoma la zojambula. Ena amalowa m'ming'alu, kusungunula mchere wa m'mwala, n'kutuluka nawo pankhope ya khoma. Kukaomba dzuwa mcherewo umauma, umatupa, n'kukankha khungu la mwala mpaka ligamphuke pamodzi ndi utoto wake. Mukaona ufa woyera m'mbali mwa mng'alu, dziwani kuti ntchito yoononga yayamba kale. Pamalo pomwe pakhala chinyontho pamamera ndere, chiswe chimamanga njira zake, mavu amamata timanyumba tawo tadothi, ndipo zonsezi zikachotsedwa mwachisawawa zimachoka ndi chojambula.

Moto ndiwo umaononga mwachangu. Kuyambira Ogasiti mpaka chizimalupsa, udzu wautali womera pakhomo pa phanga umakhala ngati parafini. Wosaka mbewa mmodzi akayatsa, malawi amanyambita khoma. Mwala wa granite ukatenthedwa mwadzidzidzi, kunja kumafutukuka mkati mudakali mozizira, ndipo chikhungu chake chimasweka n'kugwa m'zidutswa ngati mapale. Mwaye umadetsa zotsalazo. Kumbali komwe kuli minda ya paini vuto limakula, chifukwa masamba ake ouma amaunjikana pansi ndipo moto wake umakhalitsa. Kuteteza zimenezi sikovuta. Udzu umwetedwe ndi kuchotsedwa pa mtunda wa mamita 10 kuchokera pakhomo pa phanga, nkhuni zouma zikokedwe kutali, ndipo kunja kwake kulambulidwe njira yotchinga moto ya mamita 5 m'lifupi. Ntchitoyi ndi ya Meyi ndi Juni, udzu usanaumitsitse. Ndalama yake ikatuluka mu Seputembala ndiye kuti yapeza phiri litapsa kale.

Pali china chomwe anthu ambiri sachiganizira: dothi la pansi pa phanga. Mu 1972 katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, anakumba pa Chentcherere n'kupeza zida za miyala, mafupa ndi zina zosonyeza m'mene anthu ankakhalira pamenepo. Dothi lotere limawerengedwa ngati buku, tsamba ndi tsamba, zakale pansi, zatsopano pamwamba. Kanjira ka alendo kakasanduka chigwembe n'kulowetsa madzi m'phanga, masamba onsewo amasakanikirana tsiku limodzi, ndipo mapale ndi mikanda zimakapezeka m'munda mwa munthu kumunsi kwa phiri. Njira zokwera kumapanga zimafuna masitepe a miyala ndi timikwasa topatutsa madzi pafupifupi mamita 10 alionse. M'zigwembe muikidwe tizipupa ta miyala tosapitirira theka la mita, kotalikirana kuti mutu wa kachipupa kam'munsi ulingane ndi tsinde la kam'mtunda. Vetiva abzalidwe motsata akalozera, phata lililonse masentimita 10 kapena 15 kuchokera ku linzake. Alangizi a zaulimi ndi anthu a m'midzi yozungulira amaidziwa kale ntchito imeneyi.

Tichenjezepo za chifundo chomwe chimapha. Pali makoma omwe ana asukulu ndi alendo analembapo maina ndi makala kapena choko. Munthu wamtima wabwino amafuna kutenga madzi, sopo ndi bulashi kuti atsuke. Chonde aletsedwe. Madzi amalowetsa makalawo m'mwala, bulashi imakanda utoto wofiira, ndipo zoyera zimachokeratu. Chimodzimodzinso kuwaza madzi pa zojambula kuti zioneke bwino pa chithunzi, kupaka vanishi, kapena kumata simenti pamng'alu. Ngakhale kamzere kopatutsa madzi komwe akatswiri amamata kudenga la phanga kamafuna kuti munthu ayambe waima pamalopo mvula ikugwa, aone komwe madzi akudzera. Kakaikidwa polakwika kamakhuthulira madzi pa chojambula china chomwe chinali pouma.

Dandaulo lathu lalikulu pa Chongoni ndi la udindo. Nkhalango ili m'manja mwa a zankhalango pansi pa lamulo la Forestry Act la 1997. Zojambula zili m'manja mwa a Museums and Monuments pansi pa Monuments and Relics Act ya 1990. Mapanga ena ali pafupi ndi minda ya anthu, komwe mawu omaliza ndi a mfumu. Mtengo umodzi womwe ukutchinga mvula pakhomo pa phanga umakhudza onse atatu, choncho pakufunika pepala limodzi lonena kuti phanga lakuti womweta udzu ndi uje, wojambula zithunzi ndi uje, woimbiridwa foni moto ukabuka ndi uje. Malo 127 omwazikana m'mapiri sangayang'aniridwe ndi anthu owerengeka okhala pa ofesi imodzi. Alendo ambiri amangofika pa Mphunzi, Chentcherere ndi Namzeze, koma mvula imagwa ponseponse.

Tsopano tipite ku Chigwa cha Shire. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, ali pa mndandanda woyembekezera wa UNESCO kuyambira 2011. Kuno vuto ndi lina. Kachisiyo ndi wa mitengo ndi udzu, ndipo mwambo wake ndi woti akakalamba amangidwenso ndi eni ake motsata malamulo a Amang'anja. Womvera chisoni n'kubweretsa njerwa ndi malata ndiye kuti wapha kachisi. Zofunika kutetezedwa ndi nkhalango yomuzungulira, malo omwe kumachokera udzu ndi mitengo yomangira, komanso anthu odziwa mwambowo. Madzi osefukira monga a mu Januwale 2015, a Ana ndi a Freddy amabalalitsa midzi. Mabanja akasamutsidwa kupita kumtunda, nkhalamba yodziwa mapemphero a mvula imakathera kwina, mdzukulu yemwe akanaphunzira kwa iyo ali kwinanso. Posamutsa mudzi pamawerengedwa nyumba, mijigo ndi sukulu. Tikupempha kuti manda, akachisi ndi mitengo ya nsembe ziziwerengedwanso, ndipo mafumu afunsidwe poyambirira, malo atsopano asanasankhidwe.

Nkhani yomweyi ikukhudza Gule Wamkulu, yemwe UNESCO inamuzindikira mu 2005. M'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati, nkhalango yachilengedwe yomwe yatsala ndi ya kumanda yokha. Njala ikavuta nkhwangwa imayandikira kumeneko. Za kudambwe ndi za eni ake ndipo sitizilemba pano, koma msitu ukatha mwambo umasowa pokhala.

Ku Mulanje tinasangalala mu Julayi 2025 pomwe phirili linakhala malo achitatu a dziko lino pa mndandanda wa UNESCO, kutsatira Lake Malawi National Park ya 1984 ndi Chongoni. Koma ndi phiri lomweli, pamodzi ndi Michesi, lomwe linatsitsa napolo mu 1991 ndi mu 2023. Pakati pa mapiri awiriwa pali mabwinja a Fort Lister, linga lomwe linamangidwa mu 1893 potseka njira ya ogulitsa akapolo. Makoma opanda denga ngati amenewa amagwa kuchokera pamwamba: madzi amalowa pamutu pa khoma, amatsuka dothi lomangira, mizu ya kachere imalowa m'mipata n'kukankha njerwa. Mutu wa khoma umafuna kuphimbidwa ndi matope a laimu, ndipo mitengo yomera pakhoma idulidwe patsinde n'kusiyidwa iume yokha. Ikazulidwa yaiwisi imatuluka ndi njerwa.

Za nyumba zakale zomwe zikugwirabe ntchito, monga Mandala House ya 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ku Blantyre, komanso matchalitchi ndi nyumba za mamishoni ambiri m'dziko muno, mdani wamkulu ndi madzi a padenga. Chiwerengero chake n'chosavuta. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 200 likalandira mamilimita 100 usiku umodzi limakhuthula malita 20,000, omwe ndi migolo 100 ya malita 200. Ngalande za m'mphepete mwa denga zikatsekeka ndi masamba, kapena paipi yotsitsa madzi ikathera patsinde pa khoma, migolo yonseyo imalowa m'maziko. Chinyontho chimakwera m'khoma mpaka kufika m'chiuno, njerwa zimayamba kufumbutuka, chiswe chimapeza njira yopita kumitanda ya denga.

Apa ndi pomwe amisiri ambiri amalakwitsa, ndipo cholakwacho chimachitika ndi mtima wabwino. Akaona njerwa zikudyeka amapaka pulasitala wa simenti ndi penti wa mafuta. Njerwa zakale ndi zofewa ndipo zinamangidwa ndi dothi kapena laimu, zomwe zimalola khoma kutulutsa chinyontho. Simenti imatsekera madziwo mkati, ndipo pakatha zaka zochepa pulasitala amagwa atanyamula nkhope ya njerwa. Matope oyenera ndi muyeso umodzi wa laimu wonyowetsedwa bwino ku miyeso itatu ya mchenga wa kumtsinje wosefa, ndipo pomaliza pazipakidwa njereza. Nthaka yozungulira nyumba itsetserekere kunja, madzi a m'mapaipi aperekezedwe mamita osachepera atatu kuchokera pakhoma, ndipo malata amangidwe ndi zomangira zolimba zogwira mtanda, pakuti mphepo yamkuntho imayamba kusasula m'makona ndi m'mphepete.

M'mbali mwa nyanja, madzi omwe anakwera mu 2024 n'kumiza nyumba ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota atikumbutse kuti malo ambiri a mbiri ya malonda a akapolo ndi ya mamishoni oyamba ali pafupi ndi gombe. Onse ayezedwe kutalika kwake kuchokera pamadzi, tidziwe oyamba kumira.

Mapepala ndiwo sachedwa n'komwe. Pepala lonyowa limayamba chuku pasanathe masiku awiri, ndipo chinyezi cha m'chipinda chikapitirira 65 peresenti chuku chimamera ngakhale denga lisakudontha. Dziko lino linataya kale zolemba zambiri za boma pa moto wa ku Zomba mu 1919, ndipo bowo lomwe linatsala m'mbiri yathu silinatsekeke mpaka lero. Kupatula zomwe zili ku National Archives, pali mabuku a ubatizo ndi maukwati m'maparishi, mabuku a milandu kwa mafumu ndi zithunzi zakale m'masukulu a mishoni, zambiri zili m'makatoni pansi. Mashelefu akwezedwe masentimita 15 kuchokera pansi ndipo asagunde khoma lakunja. Buku likanyowa lisayanikidwe padzuwa ndipo masamba omatana asakanganulidwe mokakamiza. Liimikidwe chotsegula pamthunzi podutsa mphepo, pakati pa masamba paikidwe mapepala oyera omwa madzi, n'kumawasintha akanyowa.

Olemekezeka, zopempha zathu ndi izi:

1. Mvula ya chaka chino isanayambe, malo onse 127 a ku Chongoni ayenderedwe ndi kulembedwa m'mene alili: komwe madzi akudzera, ming'alu, mchere, zipsera za moto, udzu ndi zigwembe. Agawidwe m'magulu atatu, ofuna thandizo lero, ofuna chaka chino, ndi ongoyang'anira.

2. Phanga lililonse lizijambulidwa kawiri pachaka, mu Okutobala ndi mu Meyi, kamera itaima pamalo amodzimodzi oikidwa chizindikiro, pambali pali kandodo koyezera ka masentimita 10. Popanda zithunzi zofananitsa palibe anganene motsimikiza kuti chojambula chikutha kapena ayi. Zithunzizo zisungidwe malo atatu osiyana, amodzi kunja kwa ofesi ya nthambiyo.

3. A zankhalango, a Museums and Monuments, khonsolo ya Dedza ndi mafumu asainirane mgwirizano umodzi wotchula woyang'anira phanga lililonse. Oyang'anirawo achokere m'midzi yapafupi, amayi akhalemo pakuti malo ena ndi a chinamwali, ndipo azilandira malipiro, nsapato, chikwanje ndi mayunitsi a foni.

4. Ndalama yolambulira njira zotchinga moto ikhale ndi mzere wakewake mu bajeti ndipo izifika pamalo pofika Epulo.

5. Mapiri ndi misitu yomwe ili ndi malo a makolo ilowetsedwe mu ntchito za M'bwezera Chilengedwe, kuti omwe akubzala vetiva ndi kutseka zigwembe azigwiranso pamwamba pa mapanga ndi mozungulira akachisi, katswiri atawaonetsa posayenera kukumba.

6. DoDMA, pogwiritsa ntchito lamulo la Disaster Risk Management Act la 2023, iike malo a mbiri pa mapu a ngozi a boma lililonse. Fomu yowerengera zoonongeka ikhale ndi gawo la manda, akachisi, nyumba zakale ndi zolemba, ndipo m'gulu lopita kukaona ngozi mukhale munthu wa zachikhalidwe pasanathe sabata.

7. Pasapezeke wokonza nyumba yotetezedwa ndi lamulo popanda chilolezo cholembedwa chotchula matope ogwiritsa ntchito. TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja ayambe kuphunzitsa kamangidwe ka laimu, chifukwa amisiri ochidziwa atsala ochepa.

8. Boma lipemphe thandizo komwe lili ndi ufulu wopempha: thumba la World Heritage Fund, la African World Heritage Fund, komanso thumba la zotayika ndi zoonongeka chifukwa cha nyengo lomwe maiko anagwirizana ku Sharm el-Sheikh mu 2022. Opereka ndalama amafuna umboni, ndipo umboniwo ndi zithunzi ndi malipoti a mu mfundo yoyamba ndi yachiwiri.

9. Lipoti la m'mene malowa alili lizitulutsidwa chaka chilichonse, m'Chichewa ndi zilankhulo zina za eni malo, ndipo liziwerengedwa pabwalo la mfumu ndi pa wailesi za m'madera.

Kwa inu mafumu athu, pali zomwe simufunika kudikira Lilongwe. Lamulo la m'mudzi loletsa kudula mtengo pa mtunda wa mamita 50 kuchokera paphanga kapena pakachisi, loletsa kusonkha moto ndi kubisa mbuzi m'mapanga mvula ikamagwa, lingaperekedwe pa msonkhano wa sabata ino. Aphunzitsi opita ndi ana kukaona zojambula awauze asanakwere phiri kuti khoma silikhudzidwa ndi dzanja, ndipo aime mamita awiri kuchokera pamenepo.

Tikupempha a Nduna kuti atiyankhe poyera pa mfundo yoyamba, yachitatu ndi yachinayi mwezi wa Okutobala usanathe, potchula tsiku loyambira ntchito ndi ofesi yomwe anthu a ku Dedza angapiteko akaona moto kapena madzi paphanga. Pa kuyendera mapanga ndi kuphunzitsa oyang'anira, ife tili okonzeka kuthandiza mukatiitana.

Ndife anu mwaulemu,
Ogwira ntchito yosamala zakale, amisiri a nyumba zakale ndi aphunzitsi a mbiri ya Malawi.